Kukatenga azakhali ku Katuli

Ndinanyamuka pa depoti ya Mangochi cha m'ma 7 koloko m'mawa. Bambo anali atagonekedwa m'chipatala ndipo ankafuna mlongo wawo, Abiti Saidi, amene anakwatiwa ku Katuli ine ndili wakhanda. Azakhaliwo foni analibe. Chomwe ndinanyamula chinali chithunzi chawo chimodzi chakale, chofufuma ngati chinagwerapo m'tiyi.

Kondakitala anati wa ku Namwera ndi faifi sauzande, n'kundipanikiza pakati pa thumba la usipa ndi abambo ena achikulire ovala kofia. Titaoloka Shire n'kuyamba kukwera mapiri a Chowe, minibasi inatentha. Tonse tinatsika kudikira kuti izizire.

M'mbali mwa msewu munali anyani. Mmodzi wamkulu anaona chisononkho cha chimanga, koma pafupi pake panali chidutswa cha tayala, chakuda ndi chopindika. Ankatambasula dzanja n'kulibweza, kupendeketsa mutu, kuzungulira mbali ina.

"Akuona ngati njoka," ndinatero.

"Ayi, mwanangu," anayankha abambo a kofia aja. "Akanati ndi njoka, bwenzi ali mumtengo. Akanati si njoka, bwenzi akudya. Ameneyu akudziwa kuti sakudziwa. Ndalonda minda zaka zambiri, ndimawadziwa."

Nyani uja anayang'anitsitsa chidutswa chija mpaka anakhutira, ndipo anatola chisononkho chake mosathamanga.

Pa Namwera ndinadya chipisi chapachiwaya n'kukwera njinga yamoto. Fumbi la msewu wa ku Katuli linandidzoza mpaka m'makutu. Tinafika azana akumveka kumzikiti, kuitanira anthu ku swala, mapemphero a masana.

Pamsika ndinaona mayi akugulitsa tomato. Chipumi cha bambo, mphuno ya bambo, ngakhale mpata wa m'mano. Chithunzi sindinachitulutse n'komwe. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja.

"Azakhali, ndine Mariamu, mwana wa achimwene anu."

Mayiwo anandiyang'ana mwachifundo. "Kwathu tinabadwa akazi okhaokha, mama." Anzawo a pabenchi anaseka mpaka kupukuta misozi. Nditatchula dzina, anandilozera nyumba ya kuseri kwa chigayo.

Kumeneko ndinapeza mayi wamfupi, wonenepa, akupeta nandolo. Sankafanana ndi bambo kapena chithunzi. Mtima unkati mwina, mwinanso ayi, choncho ndinangopereka moni n'kukhala pamkeka. Kenako nkhuku inalowa m'lichero, iwo n'kuikalipira. Mawu awo, ngakhale katsonyedwe, anali a bambo enieni.

"Ndimafuna Abiti Saidi," ndinatero.

"Mchimwene wanga wadwala eti?" anafunsa, akuika lichero pansi. "Iwe ndakudziwa ukulowa pachipata. Umayenda ngati iyeyo."

Tinafika ku Mangochi madzulo. Bambo atawaona anadzuka n'kukhala tsonga, koyamba sabata imeneyo, ndipo awiriwo anayamba kukangana za yemwe anasiya kuyendera mnzake. Ine ndinakhala pakhonde, ndikuganiza kuti tsiku lonse malo amene ndinalibe chikayiko ngakhale pang'ono anali amodzi okha, pabenchi ya tomato.