Mchere Unalibe Mlandu

Ndikukumbukira chaka chimene kuthira mchere m'ndiwo kunali ntchito yanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'munsi mwa phiri, kunja kwa tauni ya Vila ya Milange ku Mozambique, nkhondo itatifika pakhosi. Kwathu mkazi akakhala kumwezi, kapena akangobereka kumene, sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana wosatha msinkhu kuti athire, chifukwa akathira yekha amati adwalitsa a m'nyumba mwake matenda a tsempho. Ndiye mayi atabereka mlongo wanga Zuze, madzulo alionse ndinkamva, "Rozina, bwera udzathire." Ine kunyada kwake, ngati andilonga ufumu.

Zuze anabadwa wooneka bwino, koma posakhalitsa anayamba chimfine chosamva mankhwala. Mamina ankatuluka osakanikirana ndi magazi, mphuno n'kutsekeka, kuyamwa n'kumamukanika. Kenako khungu la m'manja ndi kumapazi linayamba kusupuka ngati mbatata yophika. Ndikamubereka kumsana ndinkamva kuti akupepuka.

Pakhomo pathu panali azakhali a Filomena, alongo awo a bambo, amene anathawira kwathu kuchokera ku Molumbo. Pakamwa pawo panali pa moto, ndipo anali ndi poyambira. Chaka cham'mbuyo mwake anthu a mfuti a m'tchire anawagwira mayi kumunda n'kuwasenzetsa matumba a chimanga. Anabwerako patapita milungu, mapazi atatupa, osalankhula ndi munthu. Nkhaniyo pakhomo sinkatchulidwa. Azakhali okha ndiwo ankaizungulirazungulira ngati ntchentche pachilonda.

Tsiku lina anandikokera kuseri kwa nkhokwe atandigwira khutu.

"Iwe, unene zoona. Amako sanathirepo mchere okha?"

"Ndimathira ndine, azakhali."

"Nanga tsiku lija unachedwa kumadzi?"

"Anandidikira. Ndiwo zinachita kupserera."

Zinali zoona, koma ndinadziwa kuti mawu anga amodzi akhoza kuwathera mayi banja. Azakhali sanakhutire. Madzulo omwewo anawauza bambo, mayi ali pomwepo: "Achimwene, mwanayu ndi tsempho. Mkazi wochokera kutchire mumadziwa zimene anachita kumeneko? Nyamulani zanu tizipita, asanakupheni nanunso." Mayi anangoweramitsa mutu. Bambo, munthu wosalankhulalankhula, anapitiriza kusema mpini.

Azakhali anakumba mizu yawo, kumusambitsa Zuze, kumumwetsa, koma ayi ndithu. Ku Vila kunalibe kolowera, mankhwala anali atatha kalekale, anamwino atathawa. Zuze atasiyiratu kuyamwa, bambo anaika mpini pansi n'kunena kuti, "Mawa tikuwoloka."

Tinanyamuka m'mamawa, azakhali ali pambuyo, ati akadzimvere okha. Njira inkadutsa m'minda ya tiyi yosiyidwa, momwe anthu ankati mwakwiriridwa mabomba. Bambo anatsogola natiuza kuti tiziponda pomwe aponda iwo. Kunali zii, kupatula kupuma kwa Zuze kumene kunkamveka ngati msuzo ukuwira, ndipo ine ndinkaopa kuti a mfuti akumva. Kukati kwaleka pang'ono, mantha ankakula kuposa pamenepo. Mtsinje wa Muloza tinawoloka madzi akundilekeza m'chifuwa.

Kutsidya, ku Malawi, kunali kachipatala ka mishoni, khamu la othawa nkhondo lili mbwee pabwalo. Adokotala anali bambo wamfupi, wa maso otopa. Anatambasula timanja ta Zuze, kuyang'ana kumapazi, kusuzumira m'mphuno, kusindikiza pamimba. Anawafunsa mayi ngati anatulukapo chilonda chosapweteka kumalo obisika, kapena zidzolo m'manja. Mayi anavomera ndi mutu. Anawatenga magazi onse awiri, mayi ndi bambo, ife n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

"Ichi si tsempho," anatero adokotala atatiitana. "Ndi chindoko. Mwana wachitengera m'mimba. Mankhwala alipo, ndipo mwafika nthawi isanathe. Mwana azibayidwa tsiku lililonse. Inu mayi ndi inu bambo mubayidwanso nonse, chifukwa akabayidwa mmodzi, mnzake amamubwezera."

Azakhali anadzuka ndi kapulana, chitenje chawo, m'chiuno. "Eya! Ndiye mutiuze, adokotala, wabweretsa ndani?"

"Magazi sanena zimenezo, mayi. Ine ndikufuna oti ndiwabaye."

"Ife tikudziwa!" anakuwa azakhali, chala chili pa mayi. Anthu pakhonde anatembenuka. Ndinaona mayi akumasula Zuze kumsana pang'onopang'ono, ngati munthu woti apereke mwana athawe.

"Ndine," anatero bambo.

Azakhali anatembenukira kwa bambo.

"Ndine, achemwali. Ulendo uja ndinakagulitsa nyemba ku Limbe. Mkazi wangayu musiyeni." Atatero anamasula lamba pamaso pa anthu onse n'kulowa kuseri kwa nsalu. Mankhwala ake anali oyera ngati mkaka, singano yake yaikulu, ndipo anatuluka akutsimphina. Azakhali anakhala pansi, pakamwa pali yasa.

Zuze anayambanso kuyamwa mlungu usanathe. Tinakhala kumsasa wa othawa nkhondo mpaka mfuti zitaleka, ndipo bambo anasanduka nkhani ya pachitsime: bambo uja wa chindoko, wofuna kupha mwana wake. Ine ndinakwiya nawo koopsa. Ndinkati, mayi kunyozedwa konse kuja, ine kukokedwa khutu, chikhalirecho mwini mlandu ali phee akusema mpini! Ndinakula nawo mkwiyo umenewo, ndipo iwo sanadziteteze ngakhale kamodzi.

Bambo anamwalira Zuze ali kale ndi ana ake. Pamaliro, ine ndi mayi tikuphikira anthu, ndinatapa mchere kuti ndithire mumphika, ndipo mayi anandigwira dzanja.

"Rozina, abambo ako ku Limbe sanafikeko chibadwire. Nyemba zawo zinkathera pa Muloza pomwepa."

Ndinaima ndi mchere m'manja, utsi ukundilowa m'maso. Ndinakumbukira milungu ija mayi anasowa, ndi mapazi otupa aja, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Lero ndimamvetsa zimene bambo anaona pakhonde lija. Akanati mlandu ugwere mayi, mayi akanathawa ndi manyazi jakisoni asanathe, ndipo Zuze tikanamukwirira kutsidya. Ndikamva mkazi akunong'ona kuti wapezeka ndi matenda otere koma akuopa kuuza mwamuna wake, ndimamuuza kuti apite onse awiri, zofunsana adzafunsane atachira. Bambo anga sanafunse n'komwe. Anangomasula lamba.