Mazira a Nyongolotsi M'dothi Louma

Inu amene mwatopa ndi kunyozedwa, senderani pafupi. Nkhani iyi ndikamaikumbukira mtima umandiwira mpaka lero.

Mayi wina wamasiye anabwera kuchokera kumsika n'kupeza mabeseni ake onse atawakhuthulira pa simenti kuseri kwa nyumba, dzuwa likuswa mtengo. Nyongolotsi zake zofiira zinali zitauma gwa ngati tizingwe ta nsapato. Pakhomo panaima alamu ake, mlongo wa malemu mwamuna wake, atagwira dzanja la mwana wamkazi wa mayiyo. Kachikwama ka zovala za mwanayo kanali katamangidwa kale.

"Alamu, mwandichita chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Ndakuchotserani nyansi. Mwana wa achimwene anga sangakulire m'dzala. Tizilomboti tidzamulowa m'mimba inu mukungoyang'ana. Mukadzapeza ntchito ya anthu ndi nyumba ya anthu, mudzamutenge."

Anapita naye, mwana akucheukacheuka.

Alamu amenewa pamaliro analira kuposa aliyense. Mawa lake ananyamula bedi, wailesi ndi njinga. Chichokereni tsikulo sanabwerepo ndi kachidutswa ka sopo, koma lero ndiwo anasanduka odziwa kulera mwana. Manyazi ena anthu anawasiya m'mimba mwa amayi awo.

Nyongolotsizo ndizo chuma chokha chimene achibale sanachifune. Malemu ankagwira ntchito kunazale ya maluwa ndi mitengo, ndipo ndiye anaphunzitsa mkazi wake kuziweta. Mayiyo ankasesa mumsika, akutolera makoko a nthochi ndi masamba ofota, n'kukadyetsa ziweto zakezo. Ndowe zake zinkasanduka manyowa akuda, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba, ndipo a madimba ankagulako pang'onopang'ono. Mwana ankadya ndi kupita kusukulu chifukwa cha zimenezo. Anansi, pomuseka, anamupatsa dzina lakuti Nanyongolotsi.

Madzulo a tsiku limene anamulanda mwana, mayiyo anatenga tsache kuti akataye zonse kudzala. Misozi inkamutchinga m'maso moti anagwada kuti aziwola ndi manja. Ndipo m'dothi loumalo anaona tinthu tachikasu, tating'ono ngati mutu wa machesi. Anakumbukira mawu a mwamuna wake: "Nyongolotsi imapumira pakhungu, ikauma yatha. Koma mazira ake amadikira. Apatse chinyezi ndi mdima, uone."

Anasiya kulira. Anawola dothi lonse, anang'amba makatoni, ananyowetsa chiguduli n'kuvundikira beseni pakona ya chipinda.

Masabata anadutsa beseni lili zii. Mayi wa nyumba yoyandikana ankati akamuona akuwaza madzi, amakodola anzake. "Nanyongolotsi akuthirira manda," ankatero, onse n'kufa nacho chiseko. Iye ankangopitiriza kuthirira.

M'mawa wina anatukula chiguduli n'kuona timaulusi toyera tikuyenda. Tinali tamoyo.

Musaganize kuti mavuto anathera pomwepo. Nyerere zinalowa m'beseni, iye analiika patebulo n'kuimika miyendo ya tebulolo m'zitini za madzi. Mwini nyumba anamuopseza kuti amutulutsa, iye anagwada n'kupepesa pa mlandu umene sanapalamule. Chomupweteka koposa chinali cha Lamlungu. Akapita kukaona mwana, alamu ankamuimika pageti ngati wopemphetsa.

"Musamugwire ndi manja amenewo," ankatero.

Mwana wobereka yekha, kumuonera pa mpata wa geti! Ankabwerera mano ali kukutu, n'kukafikira kudyetsa nyongolotsi zake.

Nyongolotsi iliyonse ndi yaimuna ndi yaikazi pamodzi, choncho ziwiri zikakumana zonse zimaikira mazira. Beseni limodzi linabala lachiwiri, kenako chipinda chinachepa. Mayiyo anasenza thumba la manyowa kupita kwa mwini nazale, bwana wakale wa mwamuna wake.

"Bwana, sindikupempha chifundo. Muyese pa mbande zanu, mukaona zandiipira mundithamangitse."

Mbandezo zinabiriwira. Bwanayo anamupatsa shedi yowetera ndi nyumba ya antchito, ndipo anthu a madimba anayamba kubwera kudzaphunzira kwa iye. Dzina lachipongwe lija mayiyo analilemba ndi penti pachitseko cha shedi.

Tsiku lokatenga mwana anaitana akuluakulu a kuchimuna kuti akhale mboni, pakuti mawu a alamu aja, akuti adzamutenge akadzapeza ntchito ndi nyumba, onse ankawadziwa. Alamuwo anayamba kuzungulira nkhani. Anawaonetsa mpanda, makatani, kenako mphika wa maluwa pakhonde, wobiriwira kuposa ina yonse.

"Onani dzanja langa," anatero monyada. "Kuno n'kwaukhondo. Mwana abwererenso ku nyansi zija?"

Mwanayo anagwada pamphikapo, anapisa zala m'dothi n'kutulutsa nyongolotsi zofiira zikuphiriphita m'manja.

"Amayi, tsiku lija ndinatapako dothi m'thumba la diresi n'kudzalithira mumphikamu," anatero. "Ababa ankati mazira amadikira. Ndimathirira azakhali akachoka."

Mkulu wina anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Alamu anayang'anitsitsa mphika wawo uja. Miyezi yonseyi nyansi zija zinali pakhomo pawo, zikuwakongoletsera khonde, ndipo m'mimba mwa mwana munalibe kanthu.

Mayiyo anatambasula dzanja lake lija loletsedwa, mwana analigwira ndi dothi lomwe.

"Maluwawo ndi anu, alamu," anatero. "Muzithirira, nyongolotsi sizifuna kouma. Mwana ndiye ndatenga."

Inu amene akukhuthulirani zanu padzuwa n'kukuuzani kuti zatha, musathamangire kudzala. Ipsani mtima ngati mukufuna, inenso ndikupsa nanu. Koma gwadani muyang'anitsitse zimene zatsala, muzithirire ngakhale akuseka. Mtima wanuwo musautaye.