Ng'oma ya Pamsana

Dzina lawo lenileni linali pachiphaso pokha. Anthu onse ankawadziwa kuti a Mbuu, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankaweruka kuchigayo ali mbuu kuyambira nsidze mpaka zala zakumapazi. Akazi awo ankanena kuti anakwatiwa ndi thumba la ufa loyenda.

Chigayocho chinawadyetsa, chinaphunzitsa ana awo awiri, kenako chinayamba kuwadya makutu. Poyamba ankadandaula kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'mimba. Atapita kuchipatala, dokotala anachita kuwalembera papepala: khutu lamanzere linatha kale, lamanja nalo silikhalitsa. A Mbuu anapinda pepalalo, nalibisa m'thumba la ovolosi kuti asadziwe munthu. Anangoiwala kuti ovolosiyo amachapa ndi akazi awo.

Miseche ya pamzere wa chigayo sanaidandaule, anali atamva yokwanira. Chinawapweteka mtima ndi ng'oma. Pansi pa bedi panali ng'oma ya malemu bambo awo, ndipo kaimbidwe kake kanatsala m'manja mwa a Mbuu okha. Zaka zonsezi ankati adzaphunzitsa ana mawa. Tsopano anachita mantha kuti makutu akatsekeka asanaphunzitse munthu, bambo awo afa kachiwiri.

Lamulungu masana anaitulutsa, naiika pabwalo pakati pa mpopi ndi chingwe choyanikapo zovala.

"Kuyambira lero, banja lino liphunzira ng'oma ndi kuvina," anatero a Mbuu mokweza, monga amachitira anthu osadzimva okha.

"Ndi nyamakazi yangayi, bambo a ana?" anafunsa akazi awo, koma nsalu anali atamanga kale m'chiuno.

Ng'oma anaipereka kwa chisamba, mwana wamwamuna wokonza mafoni. Mzime, mtsikana wosoka zovala amene anabadwa wamanzere, anamuuza kuti azivina ndi mayi ake.

Kaphunzitsidwe kake kanali ka malemu aja, amene sankaphunzitsa ndi pakamwa. Wophunzira ankakhala pampando, ng'oma pakati pa miyendo, mphunzitsi n'kuima kumbuyo ndi kumuimba pamsana ndi zikhatho. Chimene msana wamva, manja abweze pachikopa. Koma msana wa chisamba unali wogontha kuposa makutu a bambo ake.

"Ababa, mukundigirigisha!" ankakuwa akudzipinda, ndipo akamenya ng'oma zinkakhala ngati akupha mphemvu.

Oyandikana nawo ankasuzumira pampanda n'kumafa ndi phwete. A Mbuu sankawamva, ndiye sankawapweteka. Mzime ankavina maso ali pa zikhatho za bambo ake, ndipo m'kati mwa sabata phazi lake linkapalasa makina osokera motsata ng'omayo. Tsiku lina anapempha kuti ayeseko, bambo ake nangomuyankha kuti, "Iwe vina."

Kenako mvula inayamba. Ng'oma ikamva chinyezi chikopa chimafooka, ndiye musanaimbe mumaiwamba pamoto, mukuitembenuza ndi kuigogoda mpaka mawu ake akwere pamene ayenera. Mukapitiriza, chikopa chimang'ambika. Imeneyo ndi ntchito ya khutu, ndipo a Mbuu ankaiopa moti sankaitchula n'komwe. Chodabwitsa, Lamulungu lililonse akadzuka ku tulo tawo ta masana ankapeza chikopa chili gwa. Ankanyadira kuti zikopa zakale sizimva mvula.

Lamulungu lina ludzu linawadzutsa msanga. Polowa kukhitchini anapeza mzime atagwada pambali pa mbaula, akutembenuza ng'oma pang'onopang'ono, mutu ataupendeketsa, akuigogoda ndi chala. Mayi ake, amene anali mlonda wa ntchitoyi, anali atatanganidwa ndi kuthamangitsa nkhuku. A Mbuu anaona chala chikugunda chikopa, kamodzi, kawiri, katatu. Sanamve kanthu.

"Mwayamba liti zimenezi?" anafunsa.

Mzime anadzidzimuka, kenako anabwera kukhutu lamanja. "Chiyambireni mvula, ababa."

"Ndiye kuti mukudziwa nonse?"

Akazi awo anamasula mfundo ya nsalu, natulutsa kapepala ka kuchipatala kaja. "Ovolosi siidzichapa yokha, bambo a ana. Mumati ndikuvina ndi nyamakazi chifukwa chokonda kusekedwa?"

Manyazi anawagwira a Mbuu, ndipo mkwiyo unabwera pambuyo pake. Miyezi itatu ankayesa kuti akubisira banja, pomwe banja ndi limene linkawanyamula ngati dzira. Anatuluka osamwa madzi aja, nakakhala pansi pa chingwe cha zovala. Atakhala nthawi ndithu, mkwiyo unatha, kunatsala chisoni chokha.

Nthawi yophunzira itakwana, analoza chisamba. "Choka pampandopo, kavine ndi amayi ako."

Mnyamatayo analumpha ngati watulutsidwa m'ndende.

Mzime anakhala pampando. A Mbuu anaima kumbuyo kwake, namuimba pamsana ng'oma yonse ya malemu aja, kuyambira poyambira mpaka pomalizira. Mtsikanayo anabweza pachikopa. Mayi ndi chisamba anayamba kuvina, fumbi linakwera, pampanda anthu analeka kuseka. Koma a Mbuu chinkawafika ndi kugunda kwa kutali, kosasiyanitsika. Anayesa kuwerenga manja a mwana wawo, koma wamanzere amamenya apa pomwe iwo amamenya apo, ndiye maso anawasokoneza. Sanathe kudziwa ngati ng'oma ya bambo awo yapulumuka kapena ayi.

"Wakhoza, bambo a ana!" anakuwa akazi awo.

"Inu mwandinamiza miyezi itatu," anayankha a Mbuu. "Ndikukhulupirirani bwanji lero?"

Pamenepo mzime anasiya ng'oma. Anagwira bambo ake pamkono, nawakhazika pampando, iye n'kuima kumbuyo kwawo. Zikhatho zake zinagwa pamsana wa malaya a Lamulungu.

Msanawo unali usanaimbidwe chimwalirireni bambo awo. A Mbuu anatsinzina. Ng'oma inabwera yonse, yosaduka, pamodzi ndi kakuchedwa kena ka pagawo lachitatu kamene malemuwo ankachita dala kuti wovina apumire. Iwo anali asanamuuze munthu za kakuchedwako, manja awo ndi amene ankakasunga. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

Mzime atamaliza anawerama kukhutu lamanja. "Zili bwanji, ababa?"

"Pachitatupo wathamanga," anatero a Mbuu. "Bwereza."

Sanathamange mwanayo, ndipo onse pabwalopo ankadziwa. Anangopukuta manja pansalu, nayambiranso.