Chivomezi Chimene Sichinafike kwa Bambo

Mnyamata atandifunsira, nkhani inayenda monga mwa mwambo. Ndinauza amayi, amayi anauza amalume a ku Likangala, amalume anauza akazi awo, akazi awowo n'kuuza Zomba yense. Posakhalitsa amayi ogulitsa tomato mumsika anayamba kundiikira basera ndisanapemphe n'komwe. Kondakitala wina wa minibasi za ku Blantyre anachita kundifunsa ngati pachinkhoswe padzakhale disiko. Munthu yekhayo amene sanauzidwe anali bambo anga ondibereka.

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Bambo ntchito yawo ndi kulera, kuphunzitsa, kenako kudikira kuti alamu awo adzawauze za mwana wawo yemwe. Amalume, amene sankadziwa ngakhale sukulu imene ndinaphunzira, anaitenga nkhaniyo ngati munda wawo. Anati adzabwera okha kudzawauza bambo mwaulemu, koma jekete lawo linali kwa telala, ndipo nkhani yotere munthu sapita nayo atavala shati yokha. Telalayo naye sankafulumira.

"Usayerekeze kutsegula pakamwa," anandiopseza amayi. "Ukufuna amalume ako anyanyale?"

Zinkandipweteka kwambiri. Pakhomo tinasanduka akuba. Bambo akangolowa, nkhani ya nsalu za chinkhoswe inkasanduka ya kuthimathima kwa magetsi. Ndinkaopa kuti adzaimvera mumsewu, kwa munthu wosoka nsapato, n'kuganiza kuti ine ndawataya.

Bambo anali mphunzitsi wa jogalafe, ndipo atapuma pantchito kalasi yawo tinali ifeyo. Loweruka lina m'nyengo yozizira anati ndiwaperekeze kuphiri. Tinakwera mpaka pamalo pamene tauni yonse imaonekera pansi. Dzuwa linali litapendeka, mthunzi wa phiri ukukwawira pamadenga, pamene kutsogolo uko kunali kukuwalabe.

"Ukuona?" anatero. "Dzuwa silinathime ayi. Kungoti pakati pa ilo ndi anthu aja paima chinthu chachikulu. Mthunzi ndi umenewo basi."

Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti lero ndiye ndazizidwira phunziro la Folomu 1.

"Chivomezi nachonso chili ndi mthunzi wake," anapitiriza. "Chikachitika, mafunde ake amayenda m'kati mwa dziko, makina a kumayiko akutali n'kumawamva. Koma pakatikati pa dziko pali chitsulo chosungunuka. Mafunde ena sadutsa m'zamadzimadzi, amathera pomwepo. Ena amadutsa koma mokhota. Ndiye pamakhala chigawo china chimene makina ake samva kanthu, chikhalirecho kwina konse kwagwedezeka."

Anatola kamwala n'kumakatembenuza m'manja, osandiyang'ana.

"Palibe anakumbapo mpaka kukafika pakatipo. Akatswiri anadziwa zimene zili m'katimo poona malo amene angokhala chete. Nyumba yanga yakhala chete kwambiri masiku ano. Amayi ako, amene chikwatiranireni sanasowepo chonena, akumandifunsa ngati ndagona bwino kawirikawiri kuposa nesi."

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inangotsika. Ndinawauza zonse: mnyamatayo, kwawo, ntchito yake, ndi mmene ndinkachitira manyazi tsiku lililonse powapatsa moni. Anamvetsera osandidula, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense.

"Ukamayankhula amakumvera?"

"Amandimvera, bambo."

"Chabwino. Amalume ako akabwera ndidzadabwa bwinobwino, mpaka kugwira pakamwa, mwambo usawonongeke. Amayi akonso usawauze. Ine ndimangofuna ndimve kwa iwe, mwanangu, usanachoke pakhomo panga."

Potsika anandigwira dzanja, akuti njirayo inali yoterera. Mvula inali itasiya kalekale, pansi pali pouma gwa, koma sindinawatsutse.