Nyimbo ya Amayi pa Chitseko

Mwana wanga wandifunsa chifukwa chake ndimaimba ndisanalowe m'chipinda. Ndangoti, "Eish, ndi chizolowezi."

Ndinatengera Amayi. Kwathu ku Soshanguve ankaimba nyimbo ya kutchalitchi akamayandikira Abambo, ine n'kumati ndi chikondi. Abambo ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Irene, komwe mbava zinawadzera kumbuyo n'kuwamanga ndi waya, mfuti ili pakhosi. Kuyambira pamenepo sankafuna kudzidzimutsidwa.

Tsiku lina Amayi anasasa mawu ndi chimfine. Anawapititsira tiyi mwakachetechete, Abambo n'kutembenuka ndi chibakera. Kapu inasweka, mlomo wa Amayi unang'ambika.

"Bwanji simunaimbe?" anafunsa Abambo.

Amene anapepesa ndi Amayi, ndipo ine ndinawakwiyira chifukwa choiwala nyimbo. Mbava zija zinamanga munthu mmodzi, koma wayayo anatikulunga tonse.