Teremu Imene Ndinali Woyamba

Dzulo ndimakutira makope a mwana wanga poti sukulu akutsegulira Lolemba. Fungo la mapepala atsopano linandikumbutsa bambo anga, kwathu ku Lobi.

Ndili sitandade fili, teremu ya nyengo yozizira itatsala pang'ono kuyamba, anandiitana akusankha nyemba pakhonde.

"Aginesi, munthu amayamba teremu ali ndi cholinga. Ukakhala woyamba m'kalasi, ndikugulira nsapato."

Ine ndinaona kuti n'zosavuta. Madzulo alionse ndinkalongedzeratu makope ndi pensulo m'jumbo, yunifomu pamsomali, mbatata yophika m'kambale. M'mamawa ndinkatsetsereka phiri m'chifunga, mame akundiluma zala za kumapazi. Ndinkalowa m'kalasi musanafike munthu aliyense, n'kukhala pasimenti pozizira, manja m'khwapa. Aphunzitsi akamayamba masamu, ine tulo tinali titandigwira kale.

Tsiku lotsekera ndinapereka lipoti kwa bambo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Nambala 28? Paja ndinati ukhale woyamba."

"Ndakhala woyamba tsiku lililonse, bambo. Kawafunseni ahedi."

Amayi anatuluka panja atatseka pakamwa ndi chitenje. Bambo anakanda mutu, n'kunena kuti wolakwa ndi pakamwa pawo. Loweruka anabwera ndi nsapato zapulasitiki, zazikulu kuti ndikule nazo, ndipo cholinga cha teremu yotsatira anandifotokozera kawiri, pang'onopang'ono.

Pamayeso sindinakhalepo woyamba. Koma mpaka lero pamsonkhano uliwonse ndimafika nthawi yake, n'kudikira ndekha ola lathunthu.