Nambala ya Pansi pa Njinga ya Bambo

Anzanga ku Chilomoni akalakwa ankalandira mkwapulo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ayi. Bambo anga, okhoma zidebe, ankagadabuza njinga yawo n'kuloza nambala yodindidwa pachitsulo cha kunsi: 104729.

"Iwe wamwano, tenga pepala la simenti. Undipezere nambala yogawa imeneyi popanda chotsala."

Ndinali mtsikana wa Sitandade 6, wapakamwa, ndiye chilango sichinkasowa. Ndinayesa 2, inakana. Ndinayesa 7, zinatsala ziwiri. Tsiku limene ndinayesa 13 inatsala imodzi yokha. Imodzi! Ndinapsa mtima mpaka kuthyola pensulo. Bambo ankatenga pepalalo, kuliyang'anitsitsa nkhope ili gwa, n'kungoti, "Hmm. Pitiriza."

Nditadandaula kusukulu, aphunzitsi a masamu analimbana nayo masiku atatu, kenako anabwera akuseka. "Imeneyi ndi praimu, mwana iwe. Imagawika ndi 1 ndi iyo yomwe, basi. Bambo akowo ndi katswiri." Katswiri wa chiyani? Ine ndinkaona nkhanza. Nditakanena kunyumba, bambo anangoti aphunzitsiwo ndi aulesi.

Loweruka lina njinga inabedwa. Anyamata a chipani anaimitsa bambo pageti la msika kufuna khadi, bambowo n'kutsamiritsa njinga kuti apisepise m'matumba. Potembenuka, njinga palibe. Milungu iwiri anasenza zidebe pamutu mpaka m'tauni, pobwera mapazi atatupa. Zinandimvetsa chisoni, ngakhale kuti chilango chinali chitapita ndi mbava.

Kenako tinamva kuti apolisi agwira njinga zakuba. Risiti yathu chiswe chinadya kalekale, ndiye amayi anati, "Mutengeni mwanayu." Tinakapeza njinga zili ndandanda, zonse zopakidwa penti wakuda, mabelu atachotsedwa.

"Nambala yake, bambo?" anafunsa wapolisi.

"Wani... ziro..." Bambo anayamba kukanda m'mutu. Ha! Munthu wondizunza nayo chaka chathunthu!

"104729," ndinatero ine. "Ndipo musavutike kuigawa, bwana, sigawika."

Wapolisi anaseka, nayamba kugadabuza njinga imodziimodzi. Yachisanu inali yathu.

Pobwerera ndinakhala pakaliyala, ndikudzimva ngati mwini njinga. Tikuyandikira chitunda cha kwathu, bambo anafunsa osatembenuka, "Ndiye sigawikadi?"

"Sigawika, bambo. Mapepala onse aja simunkaona?"

Anapalasa mpaka pamwamba pa chitundacho.

"Ndinkaona manambala okongola, mwanangu. Ine sukulu ndinalekeza tisanafike pa kugawa."

Ndinangogwiritsa malaya awo, misozi ili mbwe. Titafika kunyumba ndinakatenga ndekha pepala la simenti, ndinasuntha zidebe pabenchi, n'kukhala pambali pawo. Tinayamba ndi 10 kugawa ndi 2.